Chidindo Chisagunde Nkhope

Ana anga, ndi inu adzukulu amene mumamva Chichewa bwinobwino koma n'kumandiyankha m'Chingerezi ngati ndine kondakitala wa basi, mwakhala mukundifunsa za positikhadi ili mu felemu pabalaza paja. Mumadabwa kuti nkhope ya mnyamata wachizungu amene si m'bale wathu ikufuna chiyani pakati pa zithunzi za maukwati anu. Pakamwa ndakhala ndikukuzembani, chifukwa nkhani yake sindituluka bwino. Tsopano poti ndinapuma ntchito ndipo palibenso bwana amene angandichotse, ndailemba yonse. Koma kuti muimvetse, tiyambire kumene dzanja langali linaphunzirira ntchito.

1978, Ntcheu

Ntchito yanga yoyamba inali pa positi ofesi yaing'ono m'boma la Ntcheu. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi, nditavala buluku la amalume limene ndinachita kulipinda kawiri m'chiuno. Bwana wanga anali a Chipeta, munthu wamfupi wa ku Rumphi amene sankaseka mkati mwa sabata. Tsiku loyamba sanandionetse sefa ya ndalama kapena sikelo. Anandipatsa chidindo, kachitsulo kolemera ka chigwiriro cha mtengo kamene kamasindikiza tsiku ndi dzina la positi ofesi pa sitampa kuti isagwirenso ntchito kachiwiri, n'kundiunjikira manyuzipepala akale kuti ndiphunzirirepo. Ndinadinda mpaka dzanja linatupa. Madzulo anabwera ndi envulopu imodzi, n'kuloza sitampa yake ndi chikhadabo. Masiku amenewo masitampa ena ankakhala ndi nkhope ya mtsogoleri wa dziko.

"Kalinde, ukuiona nkhope iyi?" anatero. "Chidindo chako chizigwera pangodya, theka pa sitampa, theka pa envulopu. Tsiku liziwerengeka, nkhope izioneka. Chikadzagunda nkhope usadzabwere kwa ine. Udzangopita kukatsanzika kwa amayi ako, chifukwa ine ndidzati sindikukudziwa."

Sankanena nthabwala. Anthu ankasowa pa zifukwa zochepa kuposa pamenepo. Choncho ndinaphunzira kudinda pangodya, ndipo dzanja litazolowera linaiwala chifukwa chake n'kungosunga mwambo. Ngakhale sitampa ya mbalame kapena ya nsomba ndinkaizemba diso. Inki ikatha, poti inkatha kawirikawiri ndipo yochokera ku likulu inkabwera ikafuna, tinkathira timadontho ta madzi pa padi ya inki n'kumapuma mpweya pachidindo kuti chigwire. Ulusi womangira matumba ukasowa tinkamasula wa matumba akale. A Chipeta ankapirira zonsezo, koma chidindo chokhota sankachipirira. Ndimawakumbukira mwaulemu, chifukwa anandiphunzitsa kuti ntchito yaing'ono ili ndi kachitidwe kake.

Anandiphunzitsanso chinthu china chimene sindinachiyamikire mpaka lero. Nthawi zina m'bokosi munkapezeka makalata opanda dzina la wotumiza, olembedwa zilembo zikuluzikulu zokhotakhota ngati munthu walemba ndi dzanja lamanzere, opita kupolisi ya kuboma. Tonse tinkadziwa kuti ndi makalata onenera anthu. Tsiku lina ndinaigwira ina nthawi yaitali, chifukwa ndinaizindikira inki yake yobiriwira ndipo ndinkadziwa kuti mwini cholemberacho anali pa udani ndi mphunzitsi wina wa pasukulu yapafupi, bambo wofatsa amene ankabwera Lachisanu lililonse kudzatumiza kalata kwa mayi ake. A Chipeta anandiona ndikuzengereza. "Kalata si yako," anatero osakweza mawu. "Yako ndi kudinda ndi kutumiza." Ndinadinda, pangodya, mwaudongo. Patapita masabata atatu galimoto inabwera kusukulu kuja, ndipo mphunzitsiyo sanaonekenso pa kauntala yathu. Sindikudziwa ngati inali kalata imeneyo. Ndinadziuza choncho kwa zaka zambiri, ndikusamutsidwira ku Mzimba, ku Mulanje, kenako ku Lilongwe, kumene ndinafika pa udindo wa positimasitala.

2003, Hull

Mayi anu, a Rhoda, ndiwo anatsogola. Anapeza ntchito ya unamwino m'chipatala cha boma kuno ku Hull, ku Mangalande, ndipo patatha chaka ine ndinawatsatira ndi inu ana awiri, chilolezo changa chokhalira m'dziko chitapachikika pa chawo. Ndinabwera ndi masatifiketi anga onse m'chikwama cha pulasitiki, ndikuganiza kuti dziko limene linayambitsa sitampa lindilandira ndi manja awiri. Ndinapeza kuti makalata amadindidwa ndi makina, ndipo makinawo amamenya paliponse, pamphumi, pamphuno, osapepesa. Ndinalemba makalata ofunsira ntchito mpaka ndinatopa kugula masitampa. Walira mvula walira matope. Pomaliza ndinalowa ntchito m'nyumba yosamalira okalamba, ulendo wa mabasi awiri kuchokera kumene tinkakhala, ine amene ndinkalamulira anthu khumi ndi anayi tsopano ndikusambitsa nkhalamba ndi kukhuthula zotayira madzi.

Manejala wathu anali mayi wina dzina lake Sandra, wamtali, wothamanga nthawi zonse, wosuta fodya pakhomo la kuseri ngakhale kukugwa chisanu. Sanali woipa mtima. Anali wotopa. Antchito tinkachepa masiku onse, shifiti ya anthu asanu tinkaigwira atatu, ndipo magolovesi ankachita kutigawira ngati shuga wa pa maliro. Dzina langa la Efraimu linamukanika, n'kulidula kukhala "Efu". Chimene chinandivuta ine chinali chakuti aliyense ankatchulidwa dzina lake loyamba, ngakhale gogo wa zaka makumi asanu ndi anayi. Lilime langa linkakana. Ndinkawaitana onse kuti mayi kapena bambo, ndipo Sandra anandichenjeza kawiri kuti ndikuwakalambitsa, ngati kuti panatsala pokalambira.

M'chipinda cha nambala 14 munkakhala Mayi Marta. Sanali Mngerezi. Kwawo kunali kutsidya la nyanja, kumene sitima za pamadzi zochoka ku Hull zimakakocheza. Dzina la dzikolo ndi la mudzi wawo sinditchula, poti abale awo akadalipo. Anakwatiwa ndi woyendetsa sitima wa kuno nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itangotha, ndipo amuna awo atamwalira, miyendo itayamba kukana, mwana wawo mmodzi yekhayo, Helen, anawabweretsa kunyumba ya okalamba ija. Mutu wawo unali wakuthwa kuposa wanga. Ankawerenga nyuzipepala yonse, ankadana ndi tiyi wozizira, ndipo akakwiya Chingerezi chinkawathawa n'kuyamba kulalata m'chinenero cha kwawo. Tinagwirizana chifukwa tonse tinali alendo. Atamva ntchito imene ndinkagwira kwathu anati, "Ndiye iwe si Efu. Ndiwe Positimasitala." Kuyambira tsiku limenelo ankandiitana choncho, ndipo sindibisa, pa dziko lonse la Mangalande panalibe mawu ena amene ankandikomera ngati amenewo.

Pakhomo lolowera panali bokosi la katoni lotoleramo masitampa ogwiritsidwa kale ntchito. Ndi mwambo wa kuno: amawadula pa maenvulopu otayidwa n'kuwapereka ku mabungwe achifundo. Palibe amene ankalisamala bokosilo mpaka ine nditafika. Ndinapempha Sandra kuti ntchitoyo ikhale yanga, ndipo ndinkayenda ndi kasizasi m'thumba la yunifolomu. Envulopu iliyonse yopita ku bini inkayamba yadutsa m'manja mwanga. Anzanga ankandiseka, koma ine pamenepo pokha m'pamene ndinkadzimva kuti ndikadali munthu wa ntchito yanga.

Febuluwale 2005

Chaka chimenecho Mayi Marta anali ndi ulendo umodzi m'mutu. Kumudzi kwawo ankakonza zovundukula mwala wa chikumbutso m'mwezi wa Meyi, ndipo anawaitana ngati mlendo wolemekezeka. Helen anavomera kuwaperekeza pa sitima, dokotala akalola. Za mwalawo sankafotokoza zambiri, ndipo ine sindinafunse. Ankangoyeseza kuyenda ndi ndodo m'khonde m'mawa uliwonse, akuwerenga masitepe, kuti asadzakwezedwe pa njinga ya olumala pamaso pa anthu a kwawo.

Loweruka lina masana tinali awiri okha pa shifiti. Ndinalowa m'chipinda cha Mayi Marta iwo ali kokadya, ndikutolera manyuzipepala akale a patebulo kuti ndikataye. Pakati pa manyuzipepalawo panagwa envulopu yachikasu ndi ukalamba, yopanda kanthu mkati. Ndinasuzumiramo kawiri, munalibe kalata. Sitampa yake inali yakunja, ya nkhope ya mnyamata wovala chipewa, makutu otuluka pang'ono. Koma chimene chinandigwira mtima chinali chidindo. Chinagwera pangodya ndendende, theka pa sitampa, theka pa envulopu, tsiku likuwerengeka, nkhope yonse ili mbee. Ndinati mumtima, amene anadinda apa a Chipeta akanamugwira chanza. Belu la chipinda china linali likulira. Ndinatulutsa kasizasi, ndinadula ngodyayo, envulopu yotsalayo ndinaiponya m'thumba la zinyalala pamodzi ndi manyuzipepala. Ndipo m'malo moika sitampayo m'bokosi la pakhomo, ndinaiika m'chikwama changa cha m'thumba kuti ndikaonetse mayi anu mmene ntchito inkagwiridwira kale. Ndinaiwala n'kuwaonetsa komwe.

Lamlungu ndi Lolemba ndinali pa tchuthi. Lachiwiri m'mawa, pa nthawi yopatsirana malipoti, Sandra anawerenga za chipinda 14. Mayi Marta akhala akukuwa kuti wina wawabera mlongo wawo. Akuti anali patebulo ndipo wasowa. Mlongo wawoyo anamwalira zaka makumi asanu ndi limodzi zapitazo. Atafunsidwa bwino akuti ndi envulopu yokhala ndi nkhope yake pa sitampa, koma chipinda chonse chasechedwa, mulibe, ndipo Helen wanena pa foni kuti envulopu imeneyo sanaionenso chichokereni m'nyumba yawo yakale, inatayika posamuka. Akana chakudya, aponyera wantchito kapu, alowa m'zipinda za anzawo n'kumatsegula makabati, ndipo akulankhula chinenero chimene palibe akuchimva. "Ndi mmene zimayambira," anatero Sandra mwachisoni. "Amayamba kunena kuti tikuwabera." Dokotala abwera Lachisanu kudzawayeza mutu. Akatsimikiza, asamukira m'chipinda cha pamwamba cha osokonezeka mutu, kumene chitseko chimatsegulidwa ndi manambala, ndipo za ulendo wa Meyi ziiwalike.

Ndinamva ngati chikwama cha m'thumba chija chikundiwotcha ntchafu. Thumba la zinyalala linali litapita kale ndi galimoto ya Lolemba. Lamulo la panyumbapo linali lodziwika: wantchito wopezeka ndi katundu wa wokalamba, kaya ndi kandalama kaya ndi mpango, amachotsedwa, ndipo dzina lake limatha kupita pa mndandanda wa anthu osaloledwanso kugwira ntchito yosamalira anthu. Komanso ndani akanakhulupirira kuti bambo wa zaka pafupifupi makumi asanu anatenga chinthu cha mwini n'kupita nacho kunyumba chifukwa chokonda chidindo? Ndinakhala chete tsiku lonse la Lachiwiri.

Lachitatu ndinawapititsira tiyi Mayi Marta, wotentha monga ankafunira. Ndinawapeza atakhala pampando, tsitsi losapesa, maso ofiira. Anandigwira mkono.

"Positimasitala, iwe ndiwe wa makalata. Khala pansi. Awa akundiyesa wamisala."

Ndinakhala pamphepete pa bedi, ndipo anandiuza za Pita, mlongo wawo wamkulu. Asilikali a Jeremani atalanda dziko lawo, Pita ankasankha makalata pa positi ofesi ya m'mudzi mwawo. M'bokosi munayamba kupezeka makalata opanda dzina la wotumiza, opita kwa mkulu wa asilikali, onenera amene akubisa anthu m'denga kapena kumvera wailesi yoletsedwa. Pita ankawabisa m'malaya, kunyumba n'kuwatsegula ndi nthunzi ya ketulo. Akawerenga ankakwera njinga yake ya ntchito kukachenjeza otchulidwawo kuti athawe, makalatawo n'kuwatentha m'mbaula. Iwo, Marta, ali mtsikana, ndiwo ankaimirira pawindo kuyang'ana kumsewu. Anachita zimenezo zaka ziwiri. Kenako wina anamunenera iyenso, osati pa kalata ulendo uno, ndipo anamuwombera kuseri kwa positi ofesi yomweyo ali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri. Mwala wa mu Meyi unali wake, pakhoma lomwelo.

"Patapita zaka boma linatulutsa sitampa ya nkhope yake," anapitiriza. "Amayi anagula imodzi n'kunditumizira kalata kuno. Anaimirira pa kauntala n'kumuuza wodindayo kuti, nkhope ya mwana wanga anaimenya mokwanira, iwe dinda pambali. Kalatayo inatayika kalekale. Inatsala envulopu, ndi adiresi ya dzanja la amayi. Ndinkaibisa m'chikuto cha buku la nyimbo, ngakhale Helen sadziwa. Ndinaitulutsa Loweruka kuti ndiikonzere ulendo. Ukundikhulupirira, Positimasitala?"

"Ndikukukhulupirirani, mayi," ndinatero. Ndinatenga kapu n'kutuluka, ndipo ndinakaima ndekha m'chipinda chochapira zovala. Mnyamata uja anagwira makalata ofanana ndi amene ndinawagwira ine ku Ntcheu, pa msinkhu womwewo. Iye anawatentha. Ine ndinadinda.

Lachinayi

Mayi anu anafika m'mawa kuchokera ku shifiti inu mutapita kale kusukulu. Ndinaika sitampa ija patebulo pafupi ndi buledi, n'kuwafotokozera zonse. Anavula nsapato, anakhala pansi, anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Bambo a Tadala, inu ndi kasizasi kanu! Ndinanena ine kuti kadzatipalamulira. Mukudziwa kuti chaka chino ndi cha ma visa? Akakulembani kuti theft, kuti munaba, pa fomu ya visa ija mukayankha chiyani? Ana awa tibwerere nawo pakati pa teremu?"

"Ndikudziwa, mayi a Tadala."

"Ndiye mverani. Palibe wakuonani. Mukalowe m'chipindamo, mukaiponye pansi pa bedi kapena kuseri kwa kabati. Oyeretsa aipeza, gogoyo asangalala, nkhani yatha. Simunabe, munalakwitsa basi. Mulungu akudziwa."

Musawaweruze mayi anu. Anali atagwira maola khumi ndi awiri ali chiimirire, ndipo ankateteza inu. Kunena zoona nzeru imeneyo ndinali nditaiganiza kale ndekha m'basi, ndipo inkandikomera. Koma ndinaiyang'ananso sitampayo, m'mbali mwake modulidwa mowongoka ndi sizasi.

"Akaipeza yodulidwa chonchi adzati wadula ndani?" ndinafunsa. "Adzati adula okha n'kuiwala. Ndiye kuti dokotala wapeza umboni umene akuufuna. Ndikhala ndawatsekera pamwamba paja ndi dzanja langa."

Ndipo ndinawauza za kalata ya inki yobiriwira ndi mphunzitsi wa ku Ntcheu, nkhani imene sindinawauzepo pa zaka zonse za ukwati wathu. Ndinati nthawi ija ndinali ndi chowiringula, ndinali mwana ndipo kunja kunkaopsa. Ulendo uno palibe galimoto imene ibwere kudzanditenga, ndi ntchito chabe. Mayi anu anapukuta maso ndi nsonga ya yunifolomu, ananyamuka n'kukanditengera shati yoyera.

"Ngati mukukadzipereka, musapite ngati wakuba," anatero. "Valani tayi. Koma akakuchotsani, mukapakira mabokosi ku weyahausi, ndipo sindikufuna kumva kudandaula za msana."

Ndinamupeza Sandra mu ofesi akudya sangweji pamwamba pa mafayilo. Ndinaika sitampa pa desiki n'kunena zonse mwadongosolo, monga ndinkalembera malipoti kwathu. Anasiya kutafuna. "Efu," anatero, "masiku awiri onsewa unali chete, ukundimva ndikuitana dokotala?" Limenelo ndiye linandilasa, chifukwa linali loona. Anati alibe kuchitira mwina, ayenera kundiimitsa ntchito pomwepo mpaka nkhani ifufuzidwe. Ndinapempha chinthu chimodzi, kuti ndikawauze Mayi Marta ndekha ndisanatuluke. Anandiperekeza n'kuima pakhomo.

Kwathu wolakwira wamkulu salankhula ali chiimirire, choncho ndinagwada pa kapeti, tayi ndi zonse. Sandra anadabwa, koma Mayi Marta sanayang'ane n'komwe za kugwadako. Maso awo anali pa chikhatho changa. Anaitenga sitampayo ndi zala ziwiri, anaiyandikiza kumaso, n'kulankhula nayo mawu ochepa m'chinenero chawo. Kenako anatembenukira kwa Sandra.

"Lemba m'buku lako lija kuti nkhalamba ija si yamisala." Anabwerera kwa ine. "Envulopu ili kuti?"

"Ndinataya, mayi. Inapita ndi galimoto ya zinyalala."

"Dzanja la amayi anga."

"Inde, mayi."

"Ndipo dzulo unakhala pabedi apo, ndikukuuza zonse, iye ali m'thumba mwako."

Sanakuwe, sanaponye kapu. Anangoti, "Tuluka, Efu." Pa zilango zonse zimene ndinalandira pa nkhaniyi, dzina limenelo ndi limene linandipweteka kwambiri.

Ndinakhala panyumba masabata awiri, ndikukuphikirani ndi kukunamizani kuti ndili pa tchuthi. Dokotala anabwerabe Lachisanu lija, anacheza ndi Mayi Marta theka la ola, ndipo ndinamva kuti anatuluka akuseka iwo atamukonza kawiri pa tsiku la mwezi. Helen anakwiya kwambiri, mwinanso chifukwa cha manyazi kuti sanawakhulupirire mayi ake, ndipo ankafuna kuti ndichotsedwe. Koma chikalata cha dandaulo chinkafunika siginecha ya mwini katundu, ndipo Mayi Marta anakana kusaina. Sandra anandiuza pambuyo pake mawu awo: "Makalata onenera anthu ine sindilemba." Ndinapatsidwa chenjezo lomaliza lolembedwa, kasizasi anandilanda, ndipo bokosi la masitampa linabwerera ku fumbi lake. Nditabwerera ku ntchito Mayi Marta ankalandira tiyi wanga osandiyang'ana. Ankayesezabe kuyenda m'khonde, ine ndikuyenda pambuyo pawo mwakachetechete kuti angagwe, ndipo sanandithamangitse. Mpaka tsiku limene ananyamuka, sitinalankhulane mawu opitirira moni.

Meyi 2005

Positikhadi inafika iwo asanabwerere. Sandra anandipatsa pamaso pa anthu onse pa nthawi ya malipoti, akumwetulira, chifukwa adiresi yake inayamba ndi mawu akuti Positimasitala Kalinde. Kutsogolo kwake kunali chithunzi cha msewu wa mudzi wawo. Kumbuyo kunali sitampa yatsopano, imene anatulutsanso chaka chimenecho, ya nkhope yomwe ija ya makutu otuluka. Sinadutse m'makina. Inadindidwa pamanja, pangodya, theka pa sitampa, theka pa khadi. Analemba m'Chingerezi, ndipo m'Chichewa mawu ake ndi awa: "Ndayenda ndekha mpaka pakhoma, popanda njinga. Dzina lake ndaliwerenga ndi maso anga. Mtsikana wa pa kauntala ndamuimirira mpaka wadinda bwino. Za envulopu sindinakhululuke. Zinazo ndakhululuka."

Anakhala nafe zaka zina ziwiri, ndipo dzina langa la Positimasitala linabwerera. Za envulopu sanazitchulenso, ndipo ine sindinapemphe kuti asinthe mawu awo, chifukwa anali olungama. Ndinagwira ntchito panyumba imeneyo mpaka ndinapuma, chenjezo lija likadali mu fayilo yanga.

Imeneyo ndiye khadi ili pabalaza. Mukadzagawana katundu wanga musadzaitaye, ndipo wina asadzayerekeze kuidula sitampa. Koma pali chinthu china chimene ndatsala nacho. Pita ali ndi mwala pakhoma, ali ndi sitampa, ndipo anali ndi mlongo amene anawoloka nyanja ndi ndodo kukawerenga dzina lake. Mphunzitsi wa ku Ntcheu uja alibe mwala, alibe sitampa, ndipo m'nkhani ino ndamutchula kangapo konse popanda dzina, monga ndakhala ndikuchitira kwa zaka zonsezi. Ankaphunzitsa sitandade 6, ankabwera Lachisanu ndi choko m'manja, ndipo ankandithokoza nthawi zonse ndikamudindira kalata ya mayi ake. Dzina lake anali a Gilibati Mwale. Ndalilemba pano kuti likhale penapake.